Chidindo Chimene Ndinasema ku Kanyama

M'makomboni a Lusaka, kitchen party imayamba tsiku limene makhadi atuluka. Khadi ndilo limauza mayi wa ku Matero kapena ku Mtendere kuti holo ndi iti, afike nthawi yanji, avale chitenje cha mtundu wanji, mphatso ikhale ya ndalama zingati. Pakhomo la holo amayamba aona khadi m'manja asanakulozereni mpando. N'chifukwa chake komiti ikakhala pansi, nkhani ya makhadi imabwera msanga, nkhuku ndi mpunga zisanatchulidwe.

Chaka cha 2017 chikupita kumapeto, mwana wa mlongo wanga anali atatomeredwa. Ife ndi Achewa a ku Katete, ndipo kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako: ine ndine mwinimbumba, bambo ake a mwanayo anatisiya kalekale. Koma m'thumba munalibe kanthu. Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani, mayina a tuntemba, masaluni ndi mabucha a mu Kanyama, ndipo nyengo ya mvula khoma likanyowa palibe amene amakuitana. Amayi a komiti atawerenga mtengo umene osindikiza a m'tauni anatchula, m'nyumba munangoti zii. Ndinaimirira n'kunena kuti makhadiwo ndipanga ndine ndi chidindo, angondipatsa za mapepala ndi inki.

Mlongo wanga anandiyang'ana. "Achimwene, zimenezi munazichitapo?"

Ndinayankha kuti inde. Linali bodza. Zimene ndinkadziwa n'zimene ndinaona ndi maso m'makonde a mashopu m'tauni, cha ku Freedom Way, kumene mdala wina ankakhala pa kabenchi n'kumasema zidindo ndi lezala lothyola pakati. Ndinkati munthu amene amalemba zilembo zazikulu pakhoma sangalephere zing'onozing'ono pa labala. Ndinkafunanso kuti mwanayo adzakumbukire kuti amalume ake anagwirapo ntchito pa ukwati wake.

Ku Kamwala ndinagula mapepala olimba onyezimira, osalala mbali zonse, okwana makhadi 120. Ndinawasankha chifukwa ndi amene ankaoneka odula. Ndinagulanso padi ya inki yapepo, yomwe ija imakhala pa tebulo la mu ofesi iliyonse, ndi chidutswa cha labala wa soli kwa wosoka nsapato. Zoti zilembo zimasemedwa chotembenuza ndinkazidziwa, ndipo ndinagwira ntchitoyo kalilole ali pambali. Ndinasema mphika uli pa mbaula, mayina, holo, ndi tsiku: Loweruka, 13 January 2018. Zonse pa labala mmodzi. Nditayesa pa nyuzipepala, mphika unatuluka bwinobwino mpaka chivundikiro, mtima wanga n'kukhala pansi.

Usiku womwewo ndinadinda makhadi onse, lina pamwamba pa linzake, n'kutsindira mulu ndi mwala kuti asapindike. Kutacha ndinapeza khadi lililonse ladinda kumsana kwa linzake. Zilembo zinali zitafalikira, ndipo ndikapititsa chala inki inkachoka yonse ngati mwaye wa pa mphika. Ndinawayanika pamwamba pa mbaula. Anapindika, ena n'kupsa m'mphepete. Chidindo chinali chitadzaza inki m'makona, ndiye ndinachita zimene ndimachita ndi maburashi a penti: ndinachiviika mu palafini. Pofika madzulo labala anali atatupa, zilembo zitafewa, mabowo a zilembo atatsekeka.

Panatsala makhadi ochepa amene ndinawaika paokha pawindo poyesa. Ndinawawaza ufa wa choko ndipo ankawerengeka, ngakhale kuti ankathimbirira ukawagwira. Limodzi ndinaliika mu envelopu n'kupatsira kondakitala wa basi ya ku Chipata kuti akasiye pa Katete, likafike kwa azakhali athu kumudzi. Iwo ndiwo analera mlongo wanga, ndipo ndiwo ankayenera kukhala patsogolo pa alangizi tsikulo. Ndinaganiza kuti wakutali alandire msanga, enawa ndiona chochita. Mlongo wanga sindinamuuze, chifukwa akanafuna kuona makhadi enawo. Akaimba foni ndinkati zikuyenda.

Khirisimasi itapita ndinabwereka ndalama kwa mnzanga wowotcherera mageti n'kulowa m'tauni kukafuna mdala uja. Ndinapeza tauni ina. Kolera, amene anayamba mu October m'makomboni a Lusaka a Chipata ndi Kanyama, anali atakula ndi mvula, ndipo Pulezidenti Edgar Lungu anali atatuma asilikali kuti ayeretse mzinda. Ogulitsa m'misewu onse anali atachotsedwa, misika ikutsekedwa, makonde a Cairo Road ndi Freedom Way ali mbee. Kabenchi kaja kunalibe. Mlonda wa shopu ina ndiye anandiuza kuti mdalayo amakhala ku Chawama, ndikafunse kwa osoka nsapato.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, zida zawo zili m'chitini cha mabisiketi. Ndinawapatsa chidindo chotupacho ndi khadi limodzi. Ananunkhiza labala, n'kupukuta khadi ndi chala chachikulu.

"Mwana wanga, inki iyi munayamba mwaiyesa pa pepala lomweli?"

"Ndinayesa pa nyuzipepala, Madala."

"Nyuzipepala imamwa. Ili silimwa."

Zimene anandifotokozera masana amenewo ndikuzilemba pano mwatsatanetsatane, chifukwa ndikanazimva mwezi umodzi m'mbuyo sindikanapweteka aliyense. Inki ya mu ofesi anaipanga kuti isaume pa padi, ikhale miyezi ili yonyowa. Imauma pokhapokha pepala likaimwa. Pepala lonyezimira analimata pamwamba, ndiye inkiyo imangokhala poyera, ndipo nyengo ya mvula mpweya ukakhala wachinyontho imakhala choncho masiku. Pepala lotero limafuna inki yosungunulira ndi spiriti, imene imauma ndi mphepo, koma ndi yodula ndipo sipezeka m'shopu iliyonse. Munthu wa padi wamba agule manila kapena pepala lina lokhakhala, ndipo khadi lililonse aliyale palokha mpaka liume. Palafini ndi petulo zimalowa m'kati mwa labala n'kumutupitsa; chidindo chimatsukidwa ndi kansalu konyowa ndi sopo pang'ono, basi.

Kenaka anatenga kachidutswa katsopano n'kundionetsa dzanja lawo. Kalilole sankamufuna n'komwe. Analemba mawu bwinobwino pa pepala lopyapyala ndi pensulo yofewa, n'kuligoneka chafufumimba pa labala, n'kukhutiza ndi msana wa supuni. Atachotsa pepala, zilembo zinatsala pa labala zitatembenuka zokha. Podula ankapendeketsa lezala kuti liloze kunja kwa chilembo, tsinde la chilembo likhale lotambalala kuposa mutu wake. Zanga ndinkadula chowongoka, penapake n'kudulira mkati, n'chifukwa chake zinkagwa ndikatsindira. Ankatembenuza labala, dzanja la lezala lili pamodzimodzi. Pothira inki ankagogoda padi pang'onopang'ono pa chidindo chili chagada, osachimiza. Pansi pa pepala anayala nyuzipepala zingapo kuti pakhale pofewa, n'kutsindira kamodzi, osagwedeza, n'kunyamula chowongoka. Dzina lawo linatuluka lakuthwa, mzere uliwonse pawokha.

Ndinakhala ndikuyang'ana zala zawo, zokhala ndi zipsera za lezala zoyera ndi zakale. Luso limeneli ndi lakale ndithu: linatheka Charles Goodyear atapeza njira yolimbitsira labala ndi sulufule ndi moto, imene anailembetsa mu 1844, ndipo zidindo za labala zinayamba kufala zaka pafupifupi 20 pambuyo pake. Lero zidindo zambiri za m'maofesi a Lusaka n'zodulidwa ndi makina kuchokera pa kompyuta, zoikidwa m'zogwirira za Trodat kapena Colop zimene zimadzithira inki zokha. Wosema ndi dzanja watsala ndi makasitomala ang'onoang'ono, a tumagulu ta chilimba, a makwaya, a tumashopu, kuphatikizapo anthu ena amene amabwera chamadzulo kufuna chidindo cha sukulu kapena cha ofesi imene sagwirako ntchito. Mdalayo anati otero amawabweza pokhapokha abwere ndi kalata ya eni ake, chifukwa ndende ya mlandu wachinyengo imatenga wosema ndi wodinda yemwe. Ine ndimaona kuti anthu ngati iwowa tawataya msanga. Makina amadula bwino, koma sangakhale nawe pakhonde n'kukufunsa ngati unayesa inki.

Ndikutsanzika anatenganso chidindo changa chakale n'kuloza pansi pake. "Nanga tsikuli munalisemeranji pamodzi ndi mphika? Tsiku limakhala pa kachidindo kake, kapena mumasiya mpata n'kulemba ndi dzanja. Maliro amagwa, holo imasintha. Ndi kolera ameneyu, mukuona ngati ng'oma ilira pa 13?"

Sinalire. Sabata yoyamba ya January boma linaletsa misonkhano m'madera a kolera, masukulu sanatsegulidwe, matchalitchi ambiri anatseka zitseko, ndipo ku Kanyama analamula kuti kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa aliyense akhale m'nyumba. Odwala ankawatengera ku Heroes Stadium. Amene amadziwa Kanyama sanadabwe: pansi pathu ndi thanthwe, madzi ali pafupi, ndipo mvula ikagwa zimbudzi zokumba ndi zitsime zosazama zimasanduka dziwe limodzi. Pofika mu May anthu oposa 5,000 anali atadwala mu Lusaka, pafupifupi 100 atamwalira. Mabanja amenewo anataya zimene sizingafanane ndi makhadi anga, ndipo ena ndi anansi athu.

Komiti inaimitsa zonse. Amayiwo anagawana mayina n'kuimbira foni achibale kuti tsiku lasintha. Azakhali analibe foni, ndipo mlongo wanga anati palibe chothamangira, popeza makhadi anali asanatuluke ndipo kumudzi anali asanauzidwe tsiku. Adzatumiza mawu likadziwika latsopano. Ndinali pomwepo pamene ankanena zimenezi. Ndinkadziwa kuti khadi linapita. Ndinadziuza kuti mwina kondakitala analitaya, mwina inki inafufutika m'njira, mwina kumudzi amva pa wailesi. Ndinakhala chete chifukwa kutchula khadi limodzilo kukanavumbula enanso onse, ndi ndalama za komiti zimene zinapsa pa mbaula.

Lachisanu pa 12 January anthu a ku Kanyama anachita zipolowe chifukwa cha kuletsedwa kwa malonda. Misewu inatsekedwa ndi miyala ndi matayala oyaka, utsi wokhetsa misozi uli ponseponse. Masana a tsiku lomwelo foni ya mlongo wanga inalira, nambala yachilendo. Anali mayi wina amene anakwera basi imodzi ndi azakhali. Anati agogo ali pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ndi thumba la mtedza, nkhuku ziwiri ndi mtondo waung'ono wa mkwatibwi, ndipo akufunsa kuti ana awo abwera nthawi yanji kudzawatenga.

Mlongo wanga anatembenuka. "Achimwene, azakhali alidziwa bwanji tsiku?"

Ndinanena zonse pamenepo, titaima pakhomo, mwana uja akumva. Sanakuwe. Anangoti, "Safunsa anadya phula, achimwene, koma inu mwadyetsa nkhalamba." Kenaka anamanga chitenje n'kuyamba kuimbira anthu. Ine ndinazungulira njira za kuseri wapansi mpaka m'tauni. Azakhali ndinawapeza atakhala pa thumba lawo, mapazi atatupa ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 500, khadi lili m'manja, zala zawo zili zapepo. Kuwabweretsa ku Kanyama kunali kosatheka, ndiponso tinkaopa matenda. Msuweni wathu wa ku Kalingalinga anawalandira, anagona kumeneko mpaka tinasonkha za basi yobwerera.

Kitchen party inachitika mu April, mvula itatha. Makhadi ndinapanganso ndine, mlongo wanga atavomera pamaso pa komiti kuti ndiyambe ndaonetsa khadi louma. Anali a manila, a zidindo zitatu, cha mphika, cha mayina ndi cha holo, ndipo tsiku analemba mkwatibwi yekha ndi cholembera. Tinawayanika pa chingwe ndi mapegi m'chipinda chonse. Ndalama za komiti ndi za mnzanga wa mageti ndinabweza pang'onopang'ono chilimwe chimenecho.

Azakhali sanabwere. Ulendo wa January anagulitsira mbuzi, ndipo miyendo yawo sinabwererenso mwakale. Tinatumiza ndalama za basi, anazibweza ndi mawu akuti tigulire mwana mapoto. Patsogolo pa alangizi panakhala mayi wa ku tchalitchi, munthu wabwino, koma wosadziwa za kwathu. Nditakolola kantchito ndinapita ku Katete ndi shuga ndi chitenje kukapepesa. Anandilandira, anandiphikira, ndipo titadya anati mkwatibwi ndi mwamuna wake adzabwere kumudzi dzinja lisanafike, chifukwa pali mawu ena amene sanauzidwe. Ndinawauza kuti za ulendowo ndilipira ndine, ndipo anapita mu September.