Loweruka la ku Brighton

Mmalawi wopita kukaphunzira ku London amalemba mayeso awiri. Oyamba amachonga ndi aphunzitsi a pa yunivesite. Achiwiri ndi chithunzi cha kunyanja, ndipo ochonga ake ndi abale onse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ukakhala miyezi osatumiza chithunzi chotere, kumudzi amayamba kunong'onezana kuti mwina ndege ija inakutsitsira ku Johannesburg.

N'chifukwa chake dzuwa likangosuzumira mu June, pa gulu la WhatsApp la ophunzira pamagwa uthenga wakuti Loweruka tonse ku Brighton. Aliyense amavomera. Msungichuma amadzisankha yekha. Koma tsikulo likafika, pa siteshoni ya Victoria pamapezeka anthu owerengeka, enawo akulemba kuti "ndili pafupi" akadali m'bulangete. Tsoka lake sitima ya ku England ilibe woitanira woti n'kumunyengerera. Nthawi ikakwana imangotseka zitseko n'kunyamuka.

Ulendo wake ndi wa ola limodzi. Azungu m'sitimamo ali duu, wina pa buku, wina pa foni. Athu aja atsegula kale chigoba cha ayisikilimu chodzaza mpunga ndi nkhuku yokazinga, fungo lagwira chipinda chonse. Bambo wa pampando woyandikana sadandaula, amangoyang'anitsitsa pawindo. Mnzathu wina akamuponda phazi potola fupa, amayamba kupepesa ndi wopondedwayo.

Kuchoka pa siteshoni ya Brighton mumatsetsereka ndi msewu wa Queens Road mpaka nyanja imaonekera. Apa m'pamene mnyamata wa ku Salima, wokulira pa mchenga wa Senga Bay, amaima chilili.

"Achimwene, akumanga chiyani pano? Miyala yonseyi atsitsa ndani?"

"Palibe akumanga, aise. Gombe lake ndi limeneli."

Zoonadi, gombe la Brighton ndi miyala yokhayokha, yobulungira, yolasa kuphazi. Eni dziko agonapo mosatekeseka, malaya avula, misana yafiira psuu, pamene athu azipa majekete mpaka m'khosi. Wofuna kukhala mwaulemu amabwereka mpando wansalu, nawonso wolipira.

Amene anayambitsa zonsezi ndi dokotala wina, Richard Russell, yemwe mu 1750 analemba buku lonena kuti madzi a m'nyanja yamchere amachiza matenda, anthu azisambamo ndiponso azimwa. Akanakhala kuti ankagulitsira madziwo m'mabotolo pa depoti ya ku Lilongwe, bwenzi tikumutcha sing'anga wabodza. Koma poti anali dokotala wolemba m'Chilatini, olemera anakhamukira ku Brighton. Kalonga amene anadzakhala mfumu George IV anamangitsako Royal Pavilion, chinyumba chooneka ngati chabwerekedwa ku India. Njanji yochokera ku London itatsegulidwa mu 1841, nawonso anthu wamba anayamba kubwera kudzazunzika pa miyala limodzi ndi mabwana.

Pa gulu lililonse sipalephera katswiri wosambira. Wathuyu ndi wa ku Nkhata Bay, ndipo njira yonse wakhala akufotokoza mmene ankadumphira m'madzi kuchokera pa thanthwe ali mwana. Amavula nsapato, amatsimphina pa miyala, amaviika chala chachikulu m'madzi a English Channel, amene ngakhale nyengo yotentha kawirikawiri safika madigiri 20. Amabwerera ali chete.

"Bwanji achimwene, simulowa?"

"Ndakumbuka kuti ndili ndi chimfine."

Nthawi yomweyo gogo wina wachizungu, imvi zili mbuu, amawadutsa n'kulowa m'madzimo pang'onopang'ono mpaka kutsala mutu wokha, akumwetulira.

Kenako imafika ntchito yomwe anthu abwerera. Onse amakwera pa Palace Pier, mlatho wolowa m'nyanja koma osafika tsidya lina, womwe unatsegulidwa mu 1899. Pamenepo jekete imavulidwa, magalasi akuda amavalidwa, mimba imakokedwa mkati. Wojambula amalandira malangizo ochuluka kuposa a woyendetsa ndege.

"Miyala isaoneke. Mitambo isaoneke. Dikirani mzungu uyo adutse kumbuyo kwangaku, aonekeko pang'ono."

Mphepo ikuwomba, mano akugundana, koma nkhope ikuseka. Foni ikangoti thethe, mwini wake amathamangira jekete. Achemwali ena amasintha zovala katatu kuseri kwa thaulo kuti zithunzi zidzakwane milungu itatu.

Njala ikawawa, poti nkhuku ija inathera m'sitima, gulu limafola pa mzere wa nsomba ndi tchipisi. Msungichuma amaona mtengo, amatulutsa foni, amachulukitsa mapaundi kuti aone m'makwacha, amapuma mozama.

"Abale, ndalama imeneyi ku Mangochi ndi chambo cha banja lonse, n'kutsala ya kabaza."

Nsomba yake imabwera yokutidwa ndi ufa, yopanda minga, yopanda mutu. Mnyamata wa ku Salima amaitembenuza uku ndi uku kufunafuna, n'kufunsa kuti mutu wadya ndani. Asanayankhidwe, chimbalame choyera cha m'nyanja chimatsika ngati kabawi pa anapiye, n'kunyamula theka la nsombayo m'manja mwake. Iye amawerama kutola mwala, poti miyala ndiye yosasowa, koma anzake amamugwira dzanja. Lamulo la dzikolo la 1981 limateteza mbalame zakutchire. Wakubayo ali ndi boma kumbuyo kwake, ndipo akudziwa: amatera pa chitsulo chapafupi n'kumameza akumuyang'ana mwini nsomba m'maso.

Mkulu wa mapemphero pa gululi sakonda phokoso, choncho amati akayende yekha chakum'mawa kukasinkhasinkha. Palibe amene wamuuza kuti kumeneko kuli chigawo cha gombe chomwe kuyambira 1980 anthu amaloledwa kukhala mbulanda. Amabwerako msanga, akuyenda mothamanga, maso ali pansi. Mukamufunsa zomwe waona amangoti tiyeni tizipita, sitima ingatisiye.

Zithunzi zimakwera pa intaneti sitima isanafike n'komwe ku London, ndipo mayankho sachedwa. Oyamba ndi amayi: "Mwanawe, madzi onsewo ukufunanji? Ng'ona kulibe kumeneko?" Achiwiri ndi msuweni amene sanalankhulepo chichokereni mnzathu pa bwalo la ndege la Kamuzu, akukumbutsa za fizi. Kenako amalume, ndi uthenga wamawu wautali woyamba ndi moni wa banja lonse ndi mbuzi zomwe: "Taona kuti Mulungu wakudalitsani, mphwanga. Mukusambira ndi azungu. Kuno feteleza wakwera."

Ungawauze bwanji amalume kuti tikiti ya sitima unachita kukongola, kuti chiphaso cha wophunzira chimangokulola ganyu wa maola 20 pa sabata, kuti madziwo sunawakhudze n'komwe? Umboni unapereka wekha, wovala magalasi akuda. Walira mvula walira matope. Lolemba m'mawa mnzathu amatumiza ndalama kumudzi, n'kugula buledi ndi nyemba za m'chitini zoti zimufikitse kumapeto a mwezi.

Madzulo ake pa gulu paja pamagwa mfundo yatsopano: ulendo wotsatira aliyense ayambe wabisa zithunzi kwa amalume ake. Mfundoyi imadutsa popanda wotsutsa, ndipo msungichuma amapempha kuti zopereka ziyambe msanga.