Tsabola wakale sawawa, koma musawauze amalume

Amalume anga ali ndi zaka 74, mawondo olira ngati chitseko chosowa mafuta, ndi katoni ya mbale za galamafoni imene mwana aliyense amadziwa kuti kuikhudza n'kuputa mlandu. Loweruka masana anzawo atatu amafika pakhonde, ati kudzasewera bawo. Bawoyo n'chonamizira chabe. Njere zisanazungulire kawiri, wina amakhala atatchula kale Jimi Hendrix, ndipo kuyambira pamenepo palibenso amene akukumbuka kuti wotakata ndani.

Tsiku lina nditatopa nazo ndinaponya mwambi. Ndinati, "Amalume, paja akuluakulu anati tsabola wakale sawawa." Pakhonde panangoti zii. Amalume anavula magalasi, n'kundiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. "Mphwanga," anatero, "iwe tsabola unamulawapo? Kapena ukunena tomato sosi amene mumamvera m'mafoni mwanuyu?"

Kunena chilungamo, tsabola wawoyo ankawawadi, ndipo amene ankatsokomola naye kwambiri linali boma. Mu 1968 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe, amayi n'kuletsedwa mathalauza ndi masiketi aafupi. Amuna nawo tsitsi lofika pakolala ya malaya linasanduka mlandu, moti alendo ena ankametedwa pabwalo la ndege asanalawe n'komwe madzi a m'Malawi. Nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa "Cecilia", ya mu 1970, inaletsedwa kaamba koti dzinalo linkafanana ndi la Mama Cecilia Kadzamira. Tangoganizani: anyamata awiri a ku New York akudandaula za chibwenzi chawo, akuluakulu a chipani kuno thukuta lili kamukamu. Amalume amati iwo ankaiimba ndi mluzu kubafa, atatsegula mpopi. Uku ndiye kulimbana ndi ulamuliro wa chipani chimodzi kumene iwo anachita, ndipo mpaka lero akudikira mendulo.

Nyimbozo ankazisaka ngati mbewa m'chilimwe. Usiku ankapotokola wayilesi pang'onopang'ono mpaka atapeza LM Radio ya ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Mawu ankabwera n'kumapita ngati mafunde a ku Mangochi, kotero kuti theka la nyimbo ankalimva, theka linalo ankadzipekera. N'chifukwa chake amalume akamaimba za Rolling Stones amaimba m'chilankhulo chimene si Chingerezi, si Chichewa, ndipo Mick Jagger mwini wake atachimva angapemphe womasulira. Siteshoniyo inatsekedwa mu 1975 Mozambique atalandira ufulu, ndipo mmodzi mwa anzawo a amalume amaikamba nkhaniyi ngati imfa ya wachibale. Mabatire akatha ankawayanika padzuwa. Singano ya galamafoni ikamadumpha ankaisenzetsa tambala. Makaseti atabwera, bolopeni ya Bic inapeza ntchito yachiwiri.

Mkangano wawo sukalamba. Wina ndi wa Beatles, ndipo sanawakhululukirebe chifukwa chopasula gulu mu 1970 osamufunsa. Wina ndi wa Deep Purple, amene amakhulupirira kuti munthu wosadziwa poyambira pa "Smoke on the Water" sayenera kupatsidwa chitupa chovotera. Wachitatu, mkulu wa mpingo tsopano, amati iye ankakonda Jim Reeves yekha, koma gitala ikalira phazi lake limamupereka.

Ine chimene chimandiseketsa n'chakuti zigawenga zakalezi lero zasanduka apolisi. Mdzukulu akangotsegula amapiano, amalume amakuwa kuti, "Tsitsani phokosolo! Nyimbo yanji yopanda mutu?" Mawu omwewo, ndi nkhope yomweyo, ndi amene agogo ankawanenera iwo. Munthu amene ankasesa msewu wa Victoria Avenue ndi thalauza lotambalala kumapazi ngati siketi ziwiri lero akudandaula kuti anyamata akukhwefula mabuluku. Amene ankabisa tsitsi m'chipewa poopa lumo la boma lero alibe choti abise. Chimene a Kamuzu analephera ndi lamulo, zaka zachita mwaulere.

Pamenepo ndinkayesa kuti mwambi wanga wapambana. Nyimbo zimene zinkanjenjemeretsa nduna lero zimalira chapansipansi m'masitolo akuluakulu anthu akusankha sopo. Koma amalume anali ndi njere ina m'dzanja. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mbale imene anagula ku Chipata kalekale, ya Paul Ngozi.

Kutsidya kwa Mchinji nkhani inali ina. M'zaka za m'ma 1970 a Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pawayilesi zikhale za ku Zambia. Anyamata amene anakulira Hendrix sanataye magitala awo. Anangotenga tsabola wachizunguyo n'kumubzala m'dimba lawo, ndipo anabala kambuzi weniweni amene lero amatchedwa Zamrock. Kunali Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, kunali Amanaz, kunali Ngozi Family ya Paul Ngozi uja, kunalinso WITCH, imene woimba wake Emmanuel Chanda anapatsidwa dzina loti Jagari potengera Jagger. Kenako mtengo wa kopa unagwa, ndalama zogulira mbale zinasowa, disiko inalanda malo, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari anakathera kokumba miyala ya mtengo wapatali. Aliyense akanati tsabola uja wafumbwa.

Ndiye taonani. Patapita zaka makumi atatu ndi kuposerapo, kampani ya ku America ya Now-Again inayamba kudindanso mbale zija. Jagari, ali ndi imvi zake, anabwerera pansanja ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Mu 2024 Tyler, the Creator, mnyamata wa ku California amene adzukulu a amalume amamupembedza, anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family yotchedwa "Nizakupanga Ngozi" n'kuchiika m'nyimbo yake "Noid". Chinyanja cha ku Lusaka chinalira m'makutu mwa ana mamiliyoni amene sangaloze Zambia pamapu.

Mdzukulu ndiye anabwera nayo nyimboyo pafoni, akunyadira kuti wapeza zatsopano. Amalume anamvetsera pang'ono, n'kudzuka. Sindinawaonepo akudzuka pampando popanda kugwira khoma. Anakweza mwendo, anagwedeza mutu wopanda tsitsiwo, anakhwatcha gitala ya mumphepo, anzawo akuwomba m'manja. Zinatenga masekondi ngati makumi awiri. Kenako msana unati khoo, ndipo tinawanyamula anthu atatu kukawagoneka pamkeka.

Ali chigonere anandikodola. "Mphwanga, waona? Akuwawa kapena sakuwawa?"

Ndinavomera kuti akuwawa. Mwambi uja unanamizira tsabola, pamene wolakwa ndi m'mimba mwa wakudyayo. Sindinawauze zimenezo, poti munthu wodwala sakangana naye.

Chimene sitinawauzenso n'china. Atamva kuti mbale zoyambirira za Zamrock azungu akuzigula ndi ndalama zambiri, amalume alamula kuti katoni ija iwerengedwe Loweruka likubwerali pamaso pa mboni. Amati muli mbale 40. Ife tonse pakhomopo tikudziwa kuti zisanu ndi imodzi mayi a kunyumba akhala akuvundikira mitsuko ya thobwa kuyambira nthawi ya referendamu. Amene ali ndi chipinda chogona mlendo Loweruka limenelo andidziwitse.