Mbalame yongoona, osadya

Munthu wa pa Nkaya sadziwa kunong'ona. Wolakwa ndi njanji. Chitsegulireni njanji ya ku Nayuchi mu 1970, ife kuno timayankhula mopikisana ndi sitima, ndipo zafika poipa ndi zamalasha zochokera ku Moatize zija, zoti mutu ukamalowa pa Liwonde mchira ukadatsanzikana nafe kuno. Ndiye alamu anga, amene amayendetsa galimoto ya alendo, atanena kuti akufuna munthu wofatsa wokanyamula zikwama za anthu ojambula mbalame ku Liwonde National Park, ine ndinadziguguda pachifuwa. Za mbalame angandiuze ndani? Ine amene ndinakula legeni ili m'khosi, ulimbo uli m'chitini?

Ndinatchena, abale anzanga. Jezi yofiira ya Bullets, nsapato za ku tchalitchi zolira kwichi kwichi, kenako perefyumu wa mayi a kunyumba. Alamu atandiona anagwira pakamwa. "Alamu, kodi kuli ukwati?" Lamulo loyamba linali limenelo: zovala zikhale za mtundu wa dothi kapena udzu wouma. Anandibwereka malaya otuwa, amene kwathu bwenzi tikukolopera. Alendowo, anthu a makamera odula kuposa nyumba yanga ndi mbuzi zomwe, anavala ngati akupita kukaotcha makala.

Lamulo lachiwiri ndi limene linandipweteka. Tikuyenda m'mbali mwa Shire, mlonda wa mfuti ali patsogolo, tinapeza gulu lina litanjata m'tchire, makamera ataloza m'mwamba. Ine mayi anga anandilera bwino, sindidutsa akuluakulu osapereka moni. "Mwadzuka bwanji nonse kumeneko!" Mtengo wonse unangoti phururu. Agogo ena achizungu, amene anagwada pamenepo kuyambira m'bandakucha, anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Sanayankhe. Kumeneko ulemu ndi kudutsa munthu osamuyankhula, ndipo wamwano ndi wopereka moni.

Kuloza ndi chala nakonso n'koletsedwa, akuti mkono ukatukuka mwadzidzidzi mbalame imathawa. M'malo mwake gaidi amangonong'ona kuti, "Ili pa 2 koloko." Ine ndinatulutsa foni, ndikuona 7 koloko ya m'mawa. "Ndiye tiidikira mpaka masana, osadya?" Alamu anandikokera pambali. Akuti mtengo amauyesa wotchi: kunsonga ndi 12, kumanja ndi 3, patsinde ndi 6. Anthu ophunzira amavutika, inu.

Titabwerera m'galimoto, tiyi wa m'mawa uja anayamba kugogoda. Ndinapempha kuti ndikapatuke pang'ono kuseri kwa chulu. Gaidi anandikumbutsa mwaulemu kuti chiyambireni bungwe la African Parks kuyendetsa pakiyi mu 2015, anabweretsamo akambuku othamanga aja a cheetah mu 2017, kenako mikango mu 2018. Tiyi uja anamva yekha, anakhala phee mpaka ku geti.

Pakiyi akuti ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400, ndipo mlendo aliyense ali ndi kabuku kochongamo imene waiona. Amasilirana ndithu. M'nkhalango ya mitsanya tinapeza timbalame tobiriwira, tankhope zofiirira, tikulongolola pa nthambi tiwiritiwiri. Amatitcha Lilian's lovebird, timagona m'mphako za mitsanya, ndipo m'Malawi muno kwawo kwenikweni ndi ku Liwonde komweko. Makamera anangoti tcheketcheke. Ine ndinayesa kunong'ona koyamba m'moyo wanga: "Koma titakazinga, tingadzaze mbale?" Anamva mpaka a galimoto yakumbuyo. Gaidi, nkhope ili gwa, anafotokoza kuti opha nyama mozembera akathira poizoni m'zithaphwi, timbalameti timafa gulu lonse tikabwera kudzamwa. Malovu amene anadzaza m'kamwa ndinameza mwakachetechete.

Koma chimene chinandimaliza ndi kadzidzi. Kwathu kadzidzi akalira padenga, m'mawa anthu amayamba kufunsana kuti akudwala ndani. Apa gaidi anaima pansi pa mtengo waukulu wa masamba ambiri m'mbali mwa mtsinje, n'kuyang'ana m'mwamba. Chikadzidzi chachikulu, chofiirira, maso akuda bii, chogwira nsomba usiku, chimene amachitcha Pel's fishing owl. Alendo anagwirana manja osatulutsa mawu. Mayi wina misozi inalengeza, akuti anakwera ndege kudzafuna chimenechi. Ine ndinali kumbuyo, ndikupemphera chamumtima kuti malodzawa agwere eni makamera.

Pofuna kuonetsa kuti ndalama yanga sindikudyera ulere, ndinatola mwala kuti ndichidzidzimutse, achijambule chikuuluka. Alamu anandigwira dzanja mwala usanachoke. Mbalame yogona saidzutsa. Saiwalitsira kuwala kwa kamera m'maso, saiimbira kulira kwa inzake pa foni kuti ibwere, ndipo chisa sachiyandikira, chifukwa make akathawa mazira amazizira kapena khwangwala amatola. Ndiponso ukaona, umasuntha kuti mnzako aone, osaima kutsogolo kwa kamera yake.

Pobwerera ndinkalingalira. Kunyang'ama, kuyenda dzuwa lili kumsana, kusaponda tsamba louma, kudikira mpaka mwendo uchite dzanzi, zonsezi ife a legeni tinazidziwa tisanayambe sukulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu, ndipo sanaphunzire kwa mzungu. Tinangosiyana pothera. Njiwa yanga ya legeni imatha ndi nsima imodzi, mafupa kwa galu. Kadzidzi uja, osathyoka nthenga ndi imodzi yomwe, tsiku limenelo anadyetsa gaidi, mlonda, alamu, ophika, mpaka ine wonyamula zikwama, ndipo mawa adyetsanso.

Ndiye ndayamba bizinesi. Mu mlambe wa kuseri kwa nyumba yanga mumakhala kadzidzi amene apongozi akhala akunena kuti ndi wotumidwa. Ndalanda malegeni a ana onse a m'mudzi, ndasesa pansi pa mtengo, ndaikapo benchi, ndipo madzulo ndimakhala pomwepo kumulondera. Mlendo sanabwere ndi mmodzi yemwe. Chimene chabwera ndi uthenga wa amfumu, akuti mudzi wonse tsopano wadziwa mwini wake wa kadzidzi uja, ndikaonekere kubwalo Loweruka. Amene mukufuna kudzamuona fulumirani lisanafike tsikulo. Mtengo tikambirana.