Khonde la ku Joni ndi kapaketi ka soda

Pamphambano ina kwa Mponda, pomwe anyamata a kabaza amadikirira anthu otsika minibasi zochokera ku Liwonde, pali mtengo waukulu wa nimu. Pansi pake pamakhala anganga ena ogulitsa mikeka ndi mphasa, ndipo pambali pawo pali mayi wa kabenchi ka tomato, anyezi, mchere ndi timapaketi ta soda tomanga m'mapulasitiki. Tsiku lina masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, panafika mayi wachitsikana, mwana kumsana, foni m'manja.

"Anganga, taonani zimene bambo a kunyumba atumiza pa WhatsApp. Akuti akamadzafika mu Disembala adzapeze khonde lili chonchi."

Amuna ake ali ku Joni, monga alili amuna ambiri a ku Mangochi kuno. Chithunzicho chinali cha nyumba ya abwana awo: khonde la matabwa onyezimira, mipando yansalu, maluwa m'miphika ikuluikulu. Anganga anaitengera foniyo kutali ndi maso, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Mdzukulu wanga, matabwa ayalidwe pansi kuno? Chiswe chidya mvula isanathe. Uwauze amuna akowo kuti ndalamayo agule simenti."

Anganga sananame. Makonde a matabwa alipo ndithu kumalo ogona alendo a ku Nkopola ndi ku Cape Maclear, koma kumeneko matabwa amakhala othira mankhwala, okwezedwa pazipilala, ndipo pali anthu olembedwa ntchito yowapaka vanishi. Pakhomo pa munthu wamba khonde lokhalitsa ndi la simenti kapena lozira. Ndipo kuno khonde si chokongoletsa chabe. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 30, nyumba ya malata imasanduka uvuni, moyo wonse n'kusamukira panja. Nsima imadyedwera pakhonde, tsitsi limalukidwira pomwepo, ana amabwereza pomwepo zimene aphunzira kumadrasa, mlendo amalonjeredwa pomwepo, ndipo m'mwezi wa Ramadan banja limamasulira pomwepo. Ngakhale azungu amene anakhazikitsa boma la Fort Johnston mu 1891 anagonjera dzuwa lomweli: nyumba zawo zakale zimene zatsala mtauni muno zili ndi makonde otambalala.

Apa anganga anayamba phunziro, akutambasula mkeka wa mlaza wa mizere yofiira ndi yobiriwira. Anati kale mkazi ankadziwika ndi khonde lake. Ankapita kudambo kukatapa mtsiro wakuda, n'kuzira pansi ndi chikhatho mozungulira mpaka zala kusiya timizere tooneka ngati mamba, kenako m'munsi mwa chipupa n'kudutsitsa mzere wa dothi lofiira kapena loyera. Mtsiro ukayamba kuuma ankaukhutiza ndi mwala wosalala. Wodutsa m'njira ankaona yekha kuti pakhomo pano pali munthu. Lero ambiri amathira simenti yosakaniza ndi penti wofiira wa ufa uja, n'kumapaka Cobra Loweruka lililonse, zipilala n'kuzipaka laimu.

"Maluwa usagule miphika yodula. Zitini za penti zilipo, matayala akutha alipo. Koma uboole pansi, madzi asamaime."

Mawu omalizawa ndinawakonda kuposa onse. Kuno kunyanja malungo sachoka, ndipo tayala kapena chitini chosunga madzi pakhonde chimaswetsa udzudzu pamalo penipeni pomwe ana amakhala madzulo.

Mayi wachitsikana uja anadandaula kuti simenti ilipo kale, koma yathimbirira. Pakona pomwe amaika mbaula pali mabala a mafuta okazingira usipa ndi zitumbuwa, ndipo mbali yomwe mvula imawaza inada ndi ndere. Mayi wa kabenchi, amene nthawi yonseyi ankangopatula tomato, anatola kapaketi kamodzi n'kukakweza m'mwamba.

"Achemwali, mankhwala ake ndi awa. Muthire pabalapo, mudonthezere timadzi pakhale phalaphala, musiye kanthawi, kenako mukweche ndi burashi kapena chitsononkho. Mutsuke ndi madzi ambiri. Mukabwereza kawiri katatu muona kusintha."

Anapitiriza kuwerenga ntchito za soda ngati akuitanira malonda: kuchotsa chikonga cha tiyi m'makapu, kufewetsa zopserera pansi pa poto, kupha fungo m'nsapato za ana asukulu, m'kabati ndi m'firiji magetsi akazima nthawi yaitali. Zonsezi n'zoona. Soda ndi ufa wokhakhala pang'ono, motero amapala litsiro osakanda kwambiri, amamasula mafuta, ndipo amathetsa fungo la zinthu zosasa. Koma pali ziwiri zimene mayiyo sanatchule. Mapoto a aluminiyamu, amene ali m'nyumba zambiri kuno, amada akagonekedwa m'madzi a soda. Ndiponso madzi otsukira khondewo asathiridwe m'maluwa, chifukwa soda ali ndi mchere wake umene umafooketsa mbewu ukachuluka m'dothi.

Mkangano unabuka pa nkhani ya nsomba. Mayi wa kabenchi anati soda amachotsa fungo la chambo m'manja ndi m'beseni. Mnyamata wina wa kabaza, amene anati anakulira pa doko la ku Malombe, anakana.

"Amayi, fungo la nsomba ndi mandimu basi. Funsani aliyense wotumbula chambo."

"Nanga tikaphatikiza zonse ziwiri? Simunaone mmene zimachitira thovu? Ndiye mphamvutu imeneyo."

Mnyamatayo ndiye anali ndi mfundo. Chimene chimanunkha mu nsomba chimagonja ku zowawasa monga mandimu kapena viniga, osati ku soda. Ndipo thovu lija lanyenga anthu ambiri: soda akakumana ndi chowawasa, ziwirizi zimathana mphamvu, mpweya n'kutuluka, chotsala n'kukhala madzi amchere osatsuka kanthu. Wofuna zonse ayambe wakwecha ndi soda, atsukuluze, mandimu abwere pambuyo. Thovu limenelo malo ake ndi m'chigumu. Mu mgaiwa wosakaniza ndi nthochi zakupsa kapena chambiko, mpweya womwewo ndi umene umatupitsa, ndipo wothira soda wambiri amamva yekha chigumu chikuwawa ngati sopo, mkati mwake mutachita chikasu.

Nkhani itafika ku ndiwo, anganga anaika mkeka pansi. Iwo soda wa m'sitolo sawerengera. Anakulira chidulo: kuotcha zitsononkho, makoko a nthochi kapena mapesi a nyemba, phulusa lake kuika m'chitini choboola pansi, kuthira madzi pamwamba, n'kumadikira timadzi tofiirira tikudontha m'mbale. Anati thelere la chidulo lili ndi kafungo kamene soda sangakapeze, chigwada chake chimafewa osataya kukoma.

"Ana inu mumathira soda ndi dzanja lonse. Nkhwani imachita kusungunuka, mphika kubiriwira ngati penti. Mukudya chiyani pamenepo?"

Mayi wa kabenchi sanakhale chete. "Anganga, makala mukudziwa mtengo wake masiku ano? Nyemba zopanda soda zimatha mbaula ziwiri. Ine ndili ndi ana asanu."

Palibe anamuyankha, chifukwa aliyense pamenepo amagula makala. Mayi amene amathira soda mu nyemba si waulesi, akuwerengera ndalama. Komabe funso la anganga ndi lolemera. Soda amawononga vitamini C wa m'masamba ndi vitamini B1 wa mu nyemba, ndipo chidulo nacho chimachita zomwezo chikachuluka, ngakhale anganga sangakonde kumva zimenezo. Banja limene ndiwo zake za masiku ambiri ndi masamba likhoza kumakhuta koma likutaya chimene masambawo anayenera kupereka. Nyemba zikanyikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga popanda chothira, ndipo ngati soda afunika ndithu, wa kunsonga ya kasupuni akwana mphika wonse. Nkhwani yanthete, mpiru ndi bonongwe sizifuna soda n'komwe. Thelere ndi chigwada ndiye tingakambirane.

Chimene chinandidetsa nkhawa chinachokera kwa bambo wina wachikulire amene ankadikira kuti ampopere njinga. Anati iye chilungulira chikamugwira usiku amasungunula supuni ya soda m'kapu ya madzi n'kumwa, kubyukula kamodzi basi, zatha. Anati wachita zimenezi zaka zambiri, ndipo ena angapo anavomereza ndi mutu.

Soda amaziziritsadi chilungulira kwa kanthawi. Koma supuni yaing'ono imodzi ili ndi sodium wopitirira mamiligalamu 1,200, pomwe bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asafike mamiligalamu 2,000 pa tsiku lonse, kuphatikiza mchere wa mu ndiwo.  Kwa munthu wa BP, wa vuto la impso kapena la mtima, ngakhalenso mayi woyembekezera, kapu imeneyo ndi yoopsa. Ndipo chilungulira chobwera usiku ndi usiku chingakhale chizindikiro cha zilonda za m'mimba, zimene zimafuna kuti munthu akaonedwe kuchipatala, osati kuzigoneka ndi soda.

Mayi wachitsikana uja anagula mikeka iwiri ndi timapaketi titatu, n'kukwera kabaza wolowera kumlatho wa Bakili Muluzi. Timapaketi take tinalibe chilembo chilichonse, monga tonse ta pabenchipo, ndipo apa pali ngozi ina imene palibe anaitchula. Amayi ambiri m'magulu awo aphunzira kupanga sopo, ndipo sopo amapangidwa ndi kositiki soda. Nayenso ndi woyera, nayenso anthu amangomutchula kuti soda, koma amawotcha khungu, ndipo mwana akamumeza kapena kumwa madzi ake amapsa kummero mpaka kulephera kudya. Pakhonde pomwe pakukwechedwa, kuphikidwa ndi kuseweredwa, ufa woyera wopanda dzina m'botolo la chakumwa kapena m'kapulasitiki ndi tsoka lodikira mwana wokwawa.

Inu ogulitsa, lembani pa paketi kuti uyu ndi soda wophikira. Inu opanga sopo, kositiki soda muzimusunga m'chitini chotseka cholembedwa dzina, pamwamba pomwe mwana sangafike, kutali ndi mchere ndi ufa. Ndipo mwana akamwa mwangozi, musamusanzitse: thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.