Safunsa Walowa m'Gulu la WhatsApp

Kuyambira mu Novembala 2022, pamene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, pulogalamu imene imayankha funso lililonse mwaulemu, usana ndi usiku, popanda kukwinya nkhope, mwambi wakuti safunsa anadya phula ukuoneka kuti wasowa womunena, chifukwa munthu wosafunsa sakupezekanso. Makolo ankanena za wamanyazi kapena wodzimva amene anatafuna phula uchi uli pomwepo, pamene wophunzira wa lero amafunsa kuyambira m'mamawa mpaka bandulo itatha, ndipo ikatha amapempha mnzake kuti amufunsire. Komabe aliyense amene anaonapo nkhope za ophunzira a chaka choyamba tsiku lotuluka zotsatira za mayeso angachitire umboni kuti phula likudyedwabe, ndipo ena mwa olidya ndi omwe anafunsa kuposa anzawo onse.

Kuti nkhaniyi imveke, m'pofunika kudziwa kaye malo amene phulalo limapezeka. Mpaka chaka cha 2021, Chancellor College ya ku Zomba, Polytechnic ya ku Blantyre, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinali nthambi za yunivesite imodzi, koma chaka chimenecho zinagawidwa kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS, kuwonjezera pa LUANAR ya ku Bunda, MUST ya ku Ndata m'boma la Thyolo ndi Mzuzu University. Iliyonse ili ndi seneti yake, ndiye kuti bwalo la aphunzitsi akuluakulu limene limakhazikitsa malamulo a maphunziro ndi mayeso, kotero kuti lamulo loona ku Zomba likhoza kukhala bodza ku Thyolo, ndipo zimene amalume anaona ku Poly m'zaka za m'ma 1990 zikhoza kukhala mbiri yokoma kumva chabe.

Wobwera kumene, amene ophunzira akale otchedwa maconti amamutcha yearo, amapeza kuti chaka chimene kusekondale chinali ndi matemu atatu kuno chili ndi masemesita awiri, iliyonse ya miyezi pafupifupi inayi, ndipo phunziro la semesita imodzi limatchedwa kosi kapena mojulo. Kosi iliyonse ili ndi pepala lotchedwa course outline, limene mphunzitsi amapereka kumayambiriro, lofotokoza mitu, mabuku, masiku a mayeso ndi kagawidwe ka malikisi. M'pepalamo muli zilembo ziwiri zimene zaliza anthu ambiri, CA, kutanthauza malikisi osonkhanitsidwa m'kati mwa semesita kuchokera ku maasayimenti, timayeso ting'onoting'ono ndi mayeso a pakati pa semesita, amene m'makosi ambiri amakwana 40 pa 100, otsalawo n'kuchokera ku mayeso omaliza. Zonsezi zimafotokozedwa pa sabata yolandirira ophunzira atsopano, koma sabata imeneyo yearo amakhala akusaka chipinda cha lendi, akuima pamzere wolembetsa, ndiponso akufufuza ngati dzina lake latuluka ku Loans Board, bungwe lobwereketsa ophunzira ndalama za fizi ndi zodyera, kotero kuti course outline imapindidwa kanayi n'kuikidwa pansi m'sutikesi.

Pakatha masabata angapo, mphunzitsi amalengeza kuti Lachisanu kuli kamayeso, ndipo usiku wa Lachitatu yearo wina, amene wakonza kale zopita kumudzi ku chinkhoswe cha mchemwali wake, amalemba m'gulu la WhatsApp la kalasi funso losavuta lakuti kodi kamayeso kameneka kamawerengedwa. Ulendo wa funsoli uyenera kutsatiridwa mwatsatanetsatane, chifukwa ndi umene ukusonyeza pamene mwambi unakhotera. Yankho loyamba limakhala kachithunzi ka munthu akuseka, lachiwiri ndi la mnzake wonena kuti nayenso amafuna kufunsa zomwezo, ndipo ena khumi amatsimikiza kuti akudikira nawo, zimene zimalimbitsa mtima wofunsayo poona kuti umbuli wake uli ndi otsatira ambiri. Kenako amabwera munthu wodziwa, amene gulu lililonse lili naye, n'kulengeza kuti timayeso totere sitiwerengedwa, pakuti msuweni wake anatenga digiri osalembapo ngakhale kamodzi. Sanena kuti msuweniyo anaphunzira kusukulu ina, kosi ina, zaka khumi zapitazo, ndiponso kuti digiri ya zaka zinayi anaimaliza m'zaka zisanu ndi chimodzi.

Mkangano ukafika potentha, mtsikana wina amaika zithunzi za nsapato za kaunjika zimene akugulitsa, mnyamata wina amafunsa ngati pali amene watola chaja yoyera mu laibulale, ndipo m'bale wina wa m'mapemphero amakumbutsa onse kuti mayeso enieni ndi a tsiku lachiweruzo. Class rep, wophunzira wosankhidwa kukhala mkhalapakati wa kalasi ndi aphunzitsi, ndiye akanathetsa nkhaniyi, koma foni yake yazima poti magetsi athima, ndipo ikayaka m'mawa amapeza mauthenga mazana atatu, amawerenga asanu omaliza okha, n'kuyankha kuti chaja ija sanaione. Pakati pa usiku, conti wina amene palibe akudziwa kuti analowa bwanji m'gululi amatumiza uthenga wa mawu wa mphindi zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi imodzi akufotokoza mmene iwo anavutikira pa nthawi yawo, yomalizayo akunena kuti mphunzitsi ameneyo ndi munthu wabwino. Gulu limamva kuti ubwino wa mphunzitsi ukutanthauza kuti kamayeso sikawerengedwa, ndipo pofika m'bandakucha kamvedwe kameneka kasanduka chilengezo chimene chikuyenda m'magulu ena ndi mutu wakuti zochokera ku dipatimenti.

Yearo uja, pokhala munthu wosamala, amafunsanso ChatGPT, imene imamuyamikira chifukwa cha funso labwino, n'kumufotokozera mwadongosolo mmene timayeso timawerengedwera m'makoleji a ku America, pamodzi ndi GPA, nambala yosonyeza avereji ya magiredi, imene kumeneko nthawi zambiri imalekezera pa 4.0. Kumapeto kwenikweni pulogalamuyo imamulangiza kuti aone course outline kapena afunse mphunzitsi wake, malangizo olondola okhawo amene walandira usiku wonse, koma iye amawadumpha poganiza kuti ndi mawu otsanzikira. Lachisanu m'mawa amakwera minibasi mtima uli m'malo, atafunsa anthu oposa zana ndi makina amodzi, pepala lokhala ndi yankho lili pansi m'sutikesi imene wainyamula pamiyendo.

Malikisi khumi otayika pa chinkhoswe amaoneka ochepa mpaka kumapeto kwa semesita, pamene amakhala ndendende amene akusowa kuti munthu akhoze. Apa yearo amaphunzira mawu otsala a ku koleji: supp, mayeso a mwayi wachiwiri operekedwa kwa amene walephera pang'ono, amene amalembedwa anzake ali patchuthi ndipo ndalama ya ulendo imachokera m'thumba la makolo, kubwereza kosi kapena chaka chonse, ndi kuwidwa, ndiko kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera makosi ochuluka. Akabwerera m'gulu kukafunsa kuti supp ikulembedwa liti, munthu wodziwa uja amayankha woyamba, ndipo ulendo uno amalondola, pakuti nayenso akulemba.

Pamenepa nthabwala iyenera kupuma kaye, chifukwa mantha amene amalepheretsa yearo kugogoda pa chitseko cha mphunzitsi ali ndi mizu yake. Mwana amene analeredwa momva kuti wamkulu sachulukitsiridwa mafunso, amene anachokera ku CDSS, sekondale yoyendera kumene buku limodzi ankagawana ambiri, ndipo akuopa kuti Chingerezi chake chisekedwa ndi ochokera kusukulu zodula, amaona kuti kufunsa pulofesa ndiko kudziulula kuti sakuyenera kukhala pamalopo. Funso la m'gulu silichititsa manyazi chifukwa onse omva ndi osadziwa anzake, ndipo makina saseka munthu. Choncho manyazi amene makolo ankadzudzula adakalipo, angopeza pobisala pabwino pakati pa mauthenga mazana atatu, pamene munthu angathe kufunsa usiku wonse osafunsa kalikonse kwa wodziwa.

Luso loyamba la ku koleji, loposa kuwerenga usiku mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, ndi kudziwa mwini wa funso lililonse. Za malikisi mwini wake ndi course outline ndi mphunzitsi wa kosiyo. Za supp ndi kubwereza zili m'buku la malamulo a ophunzira ndi ku ofesi ya rejisitira. Za katchulidwe ka eni mfundo, kuti munthu asagwe mu plagiarism, mlandu wokopera ntchito ya wina n'kuitcha yake, woyang'anira laibulale amazidziwa bwino. Ndipo za njala, malo ogona, matenda ndi maliro zimapita ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira mayeso asanachitike, pamene kalata yofotokoza vutolo idakali ndi mphamvu. Gulu la WhatsApp lisanyozedwe, chifukwa pa nkhani ya nsapato ndi machaja palibe ofesi imene ingapikisane nalo.

Aphunzitsi ambiri amalemba pa chitseko maola amene ophunzira angabwere kudzafunsa, ndipo masabata ambiri maolawo amadutsa popanda wogogoda. Khamu limabwera zotsatira zikatuluka, funso litasintha kuchoka pa lakuti ichi chimatanthauza chiyani kukhala lakuti kodi bwana palibe chimene mungachite, ndipo limeneli ndi funso lokhalo limene yankho lake limafanana ku Zomba, ku Blantyre, ku Bunda, ku Thyolo ndi ku Mzuzu.