Walira mvula walira matope, ngakhale pa kompyuta

Akale anati walira mvula walira matope. Iwo ankaganiza za kumunda, koma miyambi ikadakhala yolembedwa ntchito, uwu bwenzi ukulandira malipiro mwezi ndi mwezi m'chipinda cha makompyuta cha laibulale kapena koleji iliyonse.

Mvula yake imaliridwa chonchi. M'chipindamo muli makompyuta 20 ogwiritsa ntchito aliyense wobwera, onse olumikizidwa ku domeni, kutanthauza kuti kuseri kwinakwake kuli seva yosunga maina ndi mapasiwedi, ndipo kawirikawiri palibe amalowa iyo isanavomere. M'mawa uliwonse mayi woyang'anira chipindacho amayenda mpando ndi mpando kulemba pasiwedi imodzimodzi. Tsiku lina amatopa n'kupita kwa mnyamata wa IT. "Achimwene, kodi zinthuzi sizingamatsekuke zokha? Zala zatha izi."

Zimatheka ndithu. Mu Registry ya Windows muli malo otchedwa Winlogon. Pamenepo ukaika 1 pa AutoAdminLogon, n'kudzaza DefaultUserName, DefaultDomainName ndi DefaultPassword, kompyuta ikayaka imadzilembera yokha dzina ndi pasiwedi n'kulowa. Sabata yoyamba aliyense amasangalala, mnyamata uja mpaka amamugulira mandazi.

Kenako matope amayamba. Oyamba saoneka n'komwe: pasiwedi ija imakhala yolembedwa poyera mu Registry, ndipo a Microsoft eni ake amachenjeza kuti ena akhoza kuiwerenga. Odziwa amagwiritsa ntchito kapulogalamu ka Autologon ka Sysinternals, ka Mark Russinovich, amene kampani yake a Microsoft anaigula mu 2006. Iko kamabisa pasiwediyo pamalo otetezedwa, komabe munthu amene ali ndi mphamvu za administrator pa kompyutayo akhoza kuivundukula. Choncho akaunti yolowa yokhayo iyenera kukhala yosauka kwenikweni, yosatha kuika pulogalamu kapena kusuzumira m'mafayilo a ofesi ya malipiro. Oipatsa mphamvu zonse "kuti isamavute" asadabwe akapeza ana a sukulu akudziwa malipiro a mphunzitsi wamkulu.

Matope amene amandikomera kwambiri ndi obwera ndi bwana. Bwana wamkulu amadutsa m'chipindamo, n'kuona theka la anthu lili pa Facebook, theka linalo likubetcha mpira. Amalamula kuti kompyuta iliyonse ikayaka izionetsa chenjezo loti makinawa ndi a maphunziro okha. Chenjezolo amaliika kudzera mu Group Policy, njira imene seva imagawira malamulo ku makompyuta onse. Tsono uthenga woterewu umatuluka munthu asanalowe, ndipo umadikira kuti wina adine OK. Kompyuta yathu, imene inaphunzitsidwa kulemba dzina ndi pasiwedi, palibe anaiphunzitsa kudina OK. Mawa lake makompyuta onse 20 ali chilili, iliyonse itanyamula mawu a bwana pasikirini, ndipo mayi uja wayambiranso kuyenda mpando ndi mpando. Masana bwana yemweyo amaimba foni. "Kodi iwe, ndinamva kuti unakonza zoti azitsekuka okha. Nanga bwanji?" Ndiye uyankhe bwanji kuti matopewa ndi a mvula yawo yomwe? Umangoti, "Tikuziona, bwana." Zoona zake n'zoti ziwirizi sizikhalira limodzi. Mwina chenjezo lichotsedwe pa makompyuta a gulu okhawo n'kukalembedwa pa chithunzi cha pasikirini, apo ayi wina avomere kukhala wodina OK wa boma.

Wokonza nayenso amabwera ndi matope ake kumapazi. Akafuna kuika pulogalamu, amagwira Shift pamene kompyuta ikuyaka kuti isalowe yokha, n'kulowa ndi akaunti yake. Akamaliza amanyamuka monyadira. Koma Windows imakumbukira amene walowa komaliza, ndipo ikhoza kulemba dzina lakelo pa DefaultUserName. Ikayakanso imayesa dzina la wokonza ndi pasiwedi ya gulu. Seva imakana. Ngati domeniyo ili ndi lamulo lotseka akaunti imene yalakwitsa kangapo, mawa lake amene watsekeredwa kunja ndi katswiri mwini. Mankhwala ake ndi kalamulo kobwezeretsa dzina loyenera nthawi iliyonse kompyuta ikamazima. Palinso khalidwe lina loti Windows ikapeza kuti DefaultPassword palibe, imasintha yokha 1 uja kukhala 0, osauza munthu.

Ndiye pali masiku 42. Domeni yatsopano, ngati palibe wasintha malamulo, imafuna kuti pasiwedi isinthidwe pakatha masiku amenewa. N'chifukwa chake zinthu zimayenda bwino milungu 6 kenako n'kuima tsiku limodzi, anthu n'kuyamba kuyang'anana ngati pali amene wachita zamankhwala. Wina akathamanga kukasintha pasiwedi pa seva n'kuiwala makompyuta, iwo amapitiriza kugogoda ndi yakale mpaka akaunti ya onse itatsekedwa. Akaunti ya gulu imafunika kuichotsa pa lamulo la kutha ntchito kwa pasiwedi, kapena kusintha pasiwediyo paliponse nthawi imodzi.

Kwathu kuno magetsi amathirako ndemanga yawo. Akazima n'kuyakanso, makompyuta amadzuka msanga pamene switch ya netiweki ndi seva zikadali kudziongola. Kompyuta imafunsa, palibe woyankha. Nthawi zina imalowa ndi zimene inasunga kale koma osapeza printa kapena mafoda a pa netiweki, nthawi zina imangodandaula kuti seva kulibe. Mu Group Policy muli lamulo loiuza kuti idikire netiweki isanalowe, ndipo lamulo limenelo limaposa mapemphero ambiri. Wotchi nayo ili ndi mawu. Kerberos, amene amatsimikizira za olowa mu domeni, salola kuti nthawi ya kompyuta ndi ya seva zisiyane kupitirira mphindi 5. Kabatire kozungulira ka CR2032 ka mkati mwa kompyuta kakatha, makina amadzuka akukhulupirira kuti tili m'chaka china. Anthu afika poganiza zogula kompyuta yatsopano chifukwa cha kabatire kotchipa kuposa chakudya chamasana.

Malo ambiri a gulu amaikanso mapulogalamu ngati Deep Freeze, obwezeretsa kompyuta mmene inalili ikangozimitsidwa, kuti zonyansa za alendo zifufutike. Nayonso ndi mvula yabwino. Koma kompyuta iliyonse ya mu domeni ili ndi pasiwedi yakeyake imene imasintha pa masiku 30 aliwonse. Ngati pulogalamuyo sinakonzedwe bwino, kompyuta imabwerera ku pasiwedi yakale, seva ili ndi yatsopano, ndipo patapita nthawi pasikirini pamatuluka uthenga woti chikhulupiriro pakati pa awiriwa chatha. Amakhala ngati akunena za banja, koma ndi makina.

Amene akufufuza asataye nthawi kukonza Registry ndi manja pa kompyuta imodziimodzi asanaone malamulo a seva. Group Policy imabweranso pakatha mphindi 90 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo imabwezera zimene inalamulidwa, ndiye zokonzedwa m'mawa zikhoza kufufutika nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Kulemba gpresult /r kumaonetsa malamulo amene akugwira kompyutayo. Event Viewer nayo siibisa mlandu: nambala 4625 imasonyeza kulowa kumene kwakanika, pamene 4740, pa seva, imatchula akaunti yotsekedwa pamodzi ndi dzina la kompyuta imene yachititsa.

Dzinalo kawirikawiri limakhala la kompyuta imene palibe akuikumbukira. Amaisaka m'chipinda chonse osaipeza, mpaka mlonda atanena kuti pali ina imene bwana anatengera ku ofesi kwawo chaka chatha kuti aziwerengerapo nyuzi. Mnyamata wa IT amagogoda pachitseko, n'kusisita m'manja. "Pepani bwana, ndimati ndione kompyuta yanuyi pang'ono."

"Iyi? Iyi ndiye siyovuta. Pita ukakonze zakozo."