Otamba a masiku ano ndi mdima wa m'munsi mwa maso

Mwambi wakuti "ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa, kungakuchere" unabadwa m'chikhulupiriro chakuti mfiti imagwira ntchito yake usiku ili chibadwire, ndipo tsoka lake lalikulu ndi kupezedwa ndi dzuwa isanabwerere kwawo. Akuluakulu ankaunena pochenjeza wochita zobisika kuti azidziwa polekezera. Otamba a masiku ano satuluka n'komwe m'nyumba, pakuti amatambira m'bulangete foni ili m'manja, akuuluka popanda lichero kuchoka pa WhatsApp kukatera pa TikTok, mothandizidwa ndi mabandulo otchipa a usiku amene amagwira ntchito pa maola oti munthu wolongosoka akuliza mkonono. Kum'mawa sayang'anako, ndipo kukawachera umboni umakhala pankhope, malo amene savekedwa chitenje.

Thupi limaululira chinsinsi pamenepa chifukwa khungu lozungulira maso ndi lopyapyala kwambiri, pafupifupi theka la milimita, moti timitsempha ta magazi timene tili pansi pake timaonekera mosavuta. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo akamaperewera timitsempha timeneti timatukuka, madzi amasonkhana m'zikope za m'munsi, ndipo kutupako kumachita mthunzi umene umawonjezera kuda. Kuwala kwa foni nako kumachedwetsa melatonin, mankhwala a m'thupi amene amaitana tulo, kotero woika foni pansi tambala woyamba atalira amayamba wagubudukagubuduka tulo tisanamumvere chisoni.

Kukacha, ntchito yofufuta umboni imayambira kukhitchini. Ena amagoneka tizidutswa ta nkhaka pazikope, ena supuni imene yagona mufiriji, ngati magetsi anagona akuyaka, ndipo ena amaika timatumba ta tiyi tozizira, moti masamba othyoledwa ku Thyolo ndi ku Mulanje amathera pankhope m'malo mwa m'kapu. Njirazi si zabodza ayi, chifukwa kuzizira pamodzi ndi kafini wa mu tiyi zimafinya timitsempha tija ndi kuphwetsa kutupa, koma mphamvu yake ndi ya kanthawi, yokwanira kupatsirana moni ndi abwana basi. Odziwa zodzoladzola amadalira konsila, mafuta okhuthala ophimbira mabala ndi kuda, ndipo pa khungu lakuda amayamba apaka pang'ono mtundu wa lalanje kapena wofiirira kuti uphe kudako, kenako n'kuikapo wofanana ndi khungu lawo. Wosadziwa amathamangira konsila woyera kwambiri poganiza kuti mdima umathawa kuyera, ndiye amatuluka m'nyumba ndi mikombero iwiri yotuwa ngati kadzidzi, mbalame imene pankhani ya ufiti si mboni yabwino. Ngakhale wopaka mwaluso ali ndi mdani wake, ndiye thukuta la mu Okutobala m'minibasi yodzaza, limene limakokolola ntchito yonse asanafike pa siteji.

Komabe mwambiwu, monga milandu yambiri ya ufiti, umagweranso osalakwa. Anthu ambiri a khungu lakuda amada m'munsi mwa maso chifukwa cha kuchuluka kwa melanin, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu wake, ndipo zimenezi zimayenda m'magazi, moti mwana wogona limodzi ndi nkhuku angafunsidwe kumene anachezera pamene anangotengera agogo ake. Ena amada chifukwa chotikita maso oyabwa ndi fumbi, ena chifukwa cha kuchepa magazi, pomwe kwa achikulire mafuta a pansi pa diso amaphwera n'kusiya kadzenje kochita mthunzi. Kusiyanitsa sikuvuta kwenikweni, pakuti mthunzi umazimirira munthu akalozetsa nkhope kowala, pamene kuda kwa melanin kumakhalapobe ngakhale khungulo litakokedwa pang'ono ndi chala, ndipo kotereku tulo sitikuchotsa ngakhale munthu atagona sabata yathunthu.

Osalakwa amenewa ndiwo amagwa m'manja mwa ogulitsa mafuta oyeretsa khungu, ndipo ambiri mwa mafutawa amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena ma steroid amphamvu. Ma steroid amapyapyalitsa khungu limene linali lopyapyala kale, motero timitsempha timaonekera koposa, pomwe hydroquinone akapakidwa nthawi yaitali amayambitsa ochronosis, kuda kwa bii kovuta kuchiza kumene kumakonda kumera pamasaya, pansi pa maso pomwepo. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, koma timabotolo take tikupezekabe m'misika yathu, tikugulitsidwa pafupi ndi magalasi akuda amene wogula adzawafune pambuyo pake.